Mzere Umene Unatifikitsa ku Burma

Chaka chatha mu Novembala, mwezi umene anthu kuno ku London amavala kaduwa kofiira pachifuwa pokumbukira asilikali, mwana wanga wamkazi anabwera kusukulu nkhope ili gwa. Aphunzitsi anati aliyense akafotokoze m'kalasi mmene dziko la makolo ake linalowera nkhondo yachiwiri ya dziko lonse.

"Ndingolemba za England," anatero m'Chingerezi, monga mwa masiku onse. "Kwanu kunalibe chilichonse. Andiseka."

Mawu akuti "kwanu" anandibaya. Ndinazimitsa wailesi yakanema.

"Khala pansi, mayi. Ife nkhondo tinailowa pamzere."

Ndinamuuza zoona zokhazokha. Kwathu ukaona mzere sufunsa. Umayamba waima kaye, zofunsazo n'zakutsogolo. Tsiku lina agogo anga aamuna anapita kuboma kukagulitsa nkhuku, napeza mzere wautali. Anaima, poganiza kuti akugawa mchere. Atafika kutsogolo, mzungu anawayeza chifuwa, kuwasuzumira mano, n'kuwapatsa nsapato zajombo. Agogo anathamangira kumudzi kukaitana abale awo asanu kuti kuboma kwagwa nsapato zaulere. Mmene ankafunsa kuti mcherewo uli kuti, n'kuti ali m'nkhalango za ku Burma, mfuti ili paphewa. Nkhuku ija anali nayobe kukhwapa. Ndikulumbira, inabwerako ndi udindo woposa wawo.

"Adadi, bodza!"

"Ndife pano. Funsa aliyense kutchalitchi ku Tottenham."

Anaseka mpaka kutsokomola, kenako anafunsa kuti pa anthu asanu ndi mmodziwo anabwerako angati. Ndinati awiri. Apo sindinawonjezepo kanthu. Ndinatulutsa mendulo ya agogo m'kachitini ka mabatani, iye n'kuipukuta ndi malaya ake.

Tsiku lofotokoza, makolo tinaitanidwa. Mwana anaima kutsogolo, mendulo m'manja. Pa nkhani ya nkhuku kalasi yonse inagwa ndi phwete. Atati "awiri," kuseka kuja kunathera pomwepo. Ndipo ndinamumva bwinobwino akuti "kwathu".

Potuluka ndinaona mzere pakhonde, ndinaima. Ndinkayesa wa tiyi. Ndinazindikira nditasaina kale pepala kuti unali wa makolo odzipereka kugulitsa timaduwa tija pasiteshoni Loweruka, kunja, mphepo ikudula makutu.

Mwana anayang'ana pepala limene ndinasaina, napukusa mutu, n'kulankhula Chichewa choyera koyamba chaka chimenecho.

"Adadi, kwathu sitifunsadi eti?"