Khadi la Kumwamba

Matipate atangoyamba kumene, kwathu ku Benga kunabwera mlaliki wachizungu, ndipo womasulira ndinali ine. Chizungu changa chinali cha Fomu 2, koma ndinkayenda ngati wobadwira ku Mangalande.

Ulaliki unali wa mwana wolowerera. Mzunguyo ataitana ofuna kulapa, woyamba kutuluka m'khamu anali Matewere, yemwe nthawi ya chipani chimodzi ankaima pakhomo la msika. Iyeyu ndiye anabweza amayi anga, dengu la chinangwa lili pamutu, chifukwa analibe khadi la chipani. Tsopano anali atawonda, malaya ali ong'ambika, ndipo anagwada m'fumbi akulira ngati mwana.

Mzungu anamugwira paphewa n'kunena mawu amene ndinawamva bwinobwino, akuti Atate amulandira, palibe chomufunsa. Ine ndinakweza maikolofoni.

"Akuti khadi la kumwamba uli nalo? Wopanda khadi salowa!"

Bwalo lonse linafa nako kuseka, amayi ena mpaka kuimba nthungululu. Mzunguyo, poganiza kuti Mzimu watsika, anaomba m'manja n'kukuwa, "Aleluya!" Mpata wokonza ndinali nawo, koma kuseka kuja kunkandikomera. Matewere anandiyang'ana, kenako anadzuka, n'kusasa fumbi m'mawondo, n'kudutsa pakati pa anthu akumukuwiza. Kutchalitchi sanapondekonso mpaka imfa yake.

Potsanzikana, mzungu anandigwira manja onse awiri, akuti sanaonepo womasulira wofika anthu pamtima ngati ine.

"Si ine, abusa," ndinatero nditaweramitsa mutu, "ndi Ambuye."