Mwanabele wa Amalume

Ndikukumbukira chaka china m'masiku a Chitaganya, pamene matemba anachuluka ku Kachulu mpaka agalu kumawanyoza. Ndinali kamtsikana kolongolola, chitsirizira m'nyumba mwathu, ndipo ndinali nditatopa nako kubereka zitsononkho. Ndinkafuna khanda lenileni.

Amalume anga a Namarika, msodzi wa dazi lonyezimira, anali ndi kachilonda pamutu kosamva mankhwala. Kankachita nkhanambo n'kutumbukanso, iwo n'kungokavindikira ndi chipewa chamlaza chonunkha utsi wa nsomba. Tsiku lina amayi anawapapasa m'khosi, kunsi kwa khutu, n'kunena motsitsa mawu: "Achimwene, apatu patuluka mwanabele."

Ine ndinangomva "mwana". Ndinaliyatsa liwiro mudzi wonse, fumbi koboo, kulengeza kuti amalume ali ndi pakati pa m'khosi! Azimayi kuchitsime anaseka mpaka mitsuko kutayika. Madzulo ndinachapa kansalu kanga kofiira kuti kakhale mbereko.

Amalume, m'malo mondikalipira, anaikoleza nkhaniyo. "Bwera kuno, Esinati, udzamve ngati wadzuka." Ndinkagunditsa khutu pa chotupacho, cholimba ngati gwafa wosapsa, iwo n'kumalira chapansipansi kuti ng'aa, ng'aa. Zotupa zitakhala ziwiri ndinavina bwalo lonse: mapasa! Amayi akamawathowa ndi mthiko wotentha, ine ndinkalusa kuti andiwotchera ana.

Mpunga utacha, anawakweza lole ya nsomba kupita kuchipatala ku Zomba. Ndinawapatsira kansalu kaja kuti adzabwere atabereka. Anabwera ataonda, mawu atasasa, kansaluko atamanga kumutu. "Ana ako akana kutsika," anatero akumwetulira. Ndinawanyanyala tsiku lonse. Mvula yotsatira sanaione.

Lero mdzukulu wanga, amene ndi namwino, akuti inali khansa ya pakhungu yosaonekaoneka, yoyamba ngati kachilonda ka pamutu n'kutsikira m'anabele a m'khosi, ndipo akaipeza msanga madokotala amaichotsa. N'chifukwa chake ndikaona munthu akubisa chilonda padazi, ndimamuvula chipewa popanda ndi odi yemwe, n'kumukusira kuchipatala. Ena amati gogoyu wazungulira mutu. Anene.

Chimandiwawa n'chakuti amalume ankamva ululu, koma ankaliza khanda lija kuti ine ndiseke. Kansalu kofiira kaja anawaika nako m'manda. Ndinakachapira mwana, koma kanabereka amalume anga.