Batani Limene Ndinalidutsa

Mano anga awiri akutsogolo si obadwa nawo. Enieniwo anathyoledwa ndi alamu anga, achimwene ake a malemu mkazi wanga. Anandimenya ndi sipanala m'mawa wina wachisanu kuntchito kwathu ku Edmonton, kumpoto kwa London. Sindinawasungire chakukhosi, chifukwa tsiku limenelo panali olakwa awiri, ndipo ine ndinali ndi nthawi yokwanira yoti ndisalakwe.

Ndinkagwira ntchito pafakitale yothira mpweya m'masilinda, zitsulo zazitali zija zimene zimaoneka m'zipatala ndi kwa anthu owotcherera. Chigawo chathu chinali cha okosijeni. Panja panali thanki yaitali yoyera yosungiramo mpweyawo uli wamadzi, wozizira moti mapayipi ake ankayera ndi chisanu ngakhale dzuwa likuswa mtengo. M'kati ife tinkaimika masilinda pamzere, kumanga payipi pakamwa pa silinda iliyonse, n'kutsegula valavu pang'onopang'ono.

Kapitawo wathu anali mayi wa ku Zimbabwe, wamng'ono kwa ine ndi zaka zambiri. Agogo ake anachokera ku Ntcheu kukagwira ntchito m'mafamu, ndipo Chichewa ankachimva chonse, ngakhale poyankhula ankachisakaniza ndi Chishona. Munthu aliyense woyamba ntchito ankamukhazika m'kachipinda komwera tiyi n'kumuonetsa kanema wakale wa chombo chonyamula anthu kupita mumlengalenga. Ine ndinamuonera kanayi, chifukwa ndinkakonda kukhalapo akamaonetsa ena.

Chombocho chinali ngati ndege yoberekedwa kumsana kwa thanki yaikulu. M'thankimo munali okosijeni wamadzi ngati wathu yemweyu, pamodzi ndi mpweya wina woyaka. M'mbali munali maroketi awiri oyera. Kapitawo ankaimitsa kanemayo n'kumaloza ndi supuni. Ankati mainjini a ndegeyo amayamba kuyaka chombo chikadali pansi, ndipo kompyuta ikaona chokayikitsa imawazimitsa, anthu n'kutsikamo amoyo. Koma maroketi oyerawo mafuta ake ndi ouma. Akayaka, ayaka basi, palibe angawazimitse kufikira atatheratu, ndipo nthawi yonseyo anthu a m'kati alibe pothawira. N'chifukwa chake asananyamuke amawerenga chobwerera m'mbuyo, ndipo amaima dala kangapo kufunsa woyang'anira chigawo chilichonse ngati akuvomera.

Akatero ankayendetsanso kanema uja. Chombo chinkakwera bwinobwino, utsi woyera ukutsata m'mbuyo, anthu pansi akuwomba m'manja. Kenako mumlengalenga munkaphulika moto waukulu, utsi n'kuchita mphanda, maroketi awiri aja akuthamanga okha uku ndi uku ngati nkhuku zodulidwa mitu, zidutswa zikugwera m'nyanja. Onse amene anali m'katimo anafa, abale awo akuona. Chinayambitsa chinali mkombero wamphira wotseka pamfundo ya roketi. M'mawa umenewo kunazizira kwambiri, mphirayo inauma, moto unapeza potulukira n'kuboola thanki. Panali akatswiri amene anachenjeza dzulo lake, koma kuwerenga kuja sikunaime.

Phunziro la kapitawo linali pawiri. Loyamba, okosijeni wothinikizidwa akakumana ndi mafuta safuna machesi, ndipo moto wake umadya ngakhale chitsulo. Choncho pamzere sipankaloledwa girizi, batala wa pabuledi, kapena mafuta odzola. Lachiwiri, pakhoma pa malo a munthu aliyense panali batani lofiira. Ukalidina, mpweya wonse unkatsekeka, belu n'kulira fakitale yonse, aliyense n'kutuluka panja kukaima pamzere, ndipo wodinayo ankayenera kunena pamaso pa onse chimene waona. Ankati ngakhale wosesa ali ndi ufulu wodina.

Chifukwa cha lamulo la mafutalo, manja anga nthawi yozizira ankang'ambika ming'alu mpaka kutuluka magazi. Mkazi wanga akadali moyo, Lachisanu ndikaweruka ankandidzoza mafuta a m'kabotolo ake, chala chimodzichimodzi, akundinena kuti ndikumuchititsa manyazi kutchalitchi. Lolemba m'mawa ndinkatsuka ndi sopo kawiri. Atamwalira ndinangowasiya manjawo kuti atuwe mmene angafunire.

Alamuwo ndiwo anali ankhoswe a ukwati wathu. Kumudzi anali mphunzitsi wamkulu wa sekondale, munthu wa tayi ndi nsapato zonyezimira. Kuno ku London ntchito yosamalira okalamba itawathera, ndine ndinakawapemphera malo kwathu. Tsiku loonera kanema anakhala atapinda manja, ndipo potuluka anandiuza kuti sayansi anaiphunzitsa mtsikanayo asanabadwe.

Anagwira bwino milungu itatu. M'mawa wa tsokalo kunagwa chisanu chambiri, magalasi a basi ochita kupala ndi chikhadabo kuti uone kunja. Nditalowa m'chipinda chosinthira zovala, fungo ndi limene linayamba kundipeza, la mafuta omwe aja ankadzola mlongo wawo. Ndinaima kaye pakhomo. Kenako ndinawaona atakhala pabenchi, kabotolo kali pabondo, akutikita pakati pa zala.

"Alamu, mafutawo," ndinatero motsitsa mawu. "Bwanji musambe m'manja tisanalowe?"

"Mukufuna ndiziyenda wotuwa ngati inuyo? Taonani manja anuwo, ngati oumba njerwa. Mlongo wanga akanawaona akanalira."

Ndinawakumbutsa za lamulo. Iwo anakweza magolovesi awo m'mwamba n'kundifunsa ngati ndinamvapo kuti mafuta amaboola chikopa. Anavala, natuluka. Ndinadziuza kuti mwina akunena zoona. Ndinadziuzanso kuti munthu amene anaimirira paukwati wanga, amenenso ananyamula nane bokosi la mkazi wanga, sindingakamunenere kwa mwana wamkazi ngati wakuba. Ndinapemphera mwachidule kuti tsikulo lidutse bwino, ndipo pempherolo ndinalichita m'malo mwa chimene ndinayenera kuchita.

Malo anga anali kumayambiriro kwa mzere, awo chapakati. Mzere woyamba tinadzaza popanda vuto. Pa wachiwiri nati ina ya payipi inawavuta, sinkagwira mano ake, ndipo magolovesi okhuthala aja ankaterereka. Ndinawaona akuyang'ana uku ndi uku. Analuma nsonga ya golovesi yakumanja n'kuivula ndi mano. Dzanja lawo linkanyezimira pansi pa magetsi. Anagwira kukamwa kwa payipi, napukutapo ndi chala chachikulu monga amachitira munthu pochotsa fumbi, n'kumanga natiyo.

Batani lofiira linali pakhoma pambali pa phewa langa. Sindikanafunika n'kusuntha phazi. Ndinaliyang'ana, ndipo chimene ndinaona m'maganizo si moto ayi, koma alamu ataima pabwalo pachisanu, anthu onse akuwayang'ana, ine ndikuloza manja awo. Ndinalidutsa batanilo. Ndinayenda kupita kwa iwo kuti tikakambirane mwakachetechete, ngati anthu a banja limodzi.

Ndinafika dzanja lawo lili kale pavalavu. Ndinawagwira mkono.

"Musatsegule, alamu. Mwagwira ndi dzanja."

"Ndisiyeni."

"Tichotse payipiyi, palibe adziwe."

Anandikankha ndi chigongono. Ndinawagwiranso, ulendo uno ndi manja awiri, ndipo ndinawakoka mwamphamvu kuposa mmene ndinkafunira, moti chisoti chawo chinagwa n'kugubuduka pansi. Anthu awiri a mzere wina anacheuka. Ndikukhulupirira kuti chisoticho ndi chimene chinawapsetsa mtima. Sipanala inali m'dzanja lawo lamanzere. Sindinaione ikubwera. Ndinangomva kulira m'mutu, m'kamwa mwadzaza timiyala totentha, ndipo ndinapezeka ndakhala pansi, magazi akutsikira m'kolala.

"Iwe ungandiphunzitse ine?" anatero. Chikwatireni mlongo wawo anali asananditchulepo kuti iwe.

Anatembenuka n'kutsegula valavuyo, osati pang'onopang'ono monga mwa lamulo, koma kamodzi n'kamodzi, ndi mkwiyo wonse.

Kunalira ngati mfuti. Kuwala kwake kunali koyera, kopweteka m'maso, osati kofiira ngati moto wa nkhuni. Nati yamkuwa ija inasungunuka n'kuthovukira mbali zonse, madontho ake akuboola ovolosi ngati pepala. Payipi inaduka n'kuyamba kukwapula m'mwamba ikulavula moto. Inaswa getsi, inamenya silinda yoyandikana nayo mpaka kuigwetsa, ndipo pobwerera inawadula alamu patsaya. Mkono wa ovolosi yawo unayaka wonse nthawi imodzi kuyambira kudzanja mpaka paphewa. Anakuwa mawu amene sindinamvepo kwa munthu. Ankapukusa dzanjalo, ndipo kupukusako kunkangokoleza moto. Fungo la mafuta odzola lija linasakanikirana ndi la nyama yopserera.

Pamzerepo panali masilinda ena ambiri olumikizidwa ku payipi imodzi. Ndinakwawa ndi maondo kubwerera kumene ndinachokera, ndikulavula zibenthu za mano, mtunda womwe uja ndinauyenda mwaulemu kanthawi kapitako. Ndinadzikoka ndi khoma n'kumenya batanilo ndi chikhatho. Belu linalira. Mkokomo wa mpweya unatsika, payipi ija inagwa pansi n'kumangofuka utsi. Pabatanipo panatsala chidindo cha magazi anga.

Kapitawo ndiye anafika ndi payipi ya madzi. Anawagwetsa pansi alamu n'kuwathira osalekeza, akuwauza m'Chichewa chake chosakaniza kuti asavule malaya, asagwire dzanja. Ine ndinawagwira mutu. Khungu la dzanja lawo linali litasupuka ngati la mbatata yowotcha, ndipo zala ziwiri zinali zakuda, zopindika. Maso awo anali pa ine mpaka ambulansi inafika.

Zala ziwirizo madokotala anazidula. Pa mbali yotsala ya dzanjalo anaikapo khungu lochotsa pantchafu. Alamu anakhala m'chipatala nthawi yaitali, ndipo milungu yoyamba anauza anamwino kuti ndisalowe.

Ofufuza za ngozi atabwera, anandifunsa ngati ndinkadziwa za mafutawo moto usanayake. Alamu anali atawauza kuti sindinkadziwa. Koma ine ndinafotokoza zonse, kuyambira m'chipinda chosinthira zovala mpaka batani limene ndinalidutsa. Anandichotsa pamzere. Masiku ano ndimakweza masilinda opanda kanthu m'malole panja, ndipo sindidandaula. Titatuluka m'chipinda chofunsiramo, kapitawo anandiperekeza mpaka pageti. Sanandikalipire.

"Baba, ndikanakhala ine wodzola mafutayo, mukanadina?" anandifunsa.

Ndinayankha kuti ndikanadina. Anagwedeza mutu n'kubwerera m'kati.

Kutchalitchi kwathu ku Peckham nkhaniyi inagawa anthu. Ena ankati ndinalakwa kugwira munthu wamkulu ngati mwana mpaka kumugwetsera chisoti. Ena ankati ndikanapita naye kupolisi chifukwa cha mano. Palibe amene anatchula za batani, ndipo ine ndinatopa kufotokoza.

Alamu atatuluka m'chipatala anauzidwa kuti khungu loikiriralo lizidzozedwa mafuta tsiku lililonse ndi kutikitidwa, apo ayi liuma n'kukoka zala zotsalazo. Amakhala okha, ndipo ndi dzanja lamanzere sankafika bwino pakati pa zipsera. Lamlungu lina nditachoka kutchalitchi ndinakwera sitima mpaka kwawo n'kugogoda. Anatsegula, nayang'ana mano anga atsopano, n'kundisiyira chitseko. Kabotolo kanali patebulo. Ndinakatsegula ndekha, iwo n'kutambasula dzanja akuyang'ana kuwindo. Za sipanala sitinakambepo mpaka lero.

Papita zaka tsopano, ndipo Lamlungu lililonse ndimapitabe. Zombo zonga ndege zija analeka kuziulutsa. Za masiku ano anthu amakhala m'kachipinda pansonga penipeni pa roketi, ndipo kali ndi mainjini akeake oti kathawe nawo pansi pakavuta. Alamu ndiwo anandifotokozera zimenezi, chifukwa tsopano amazitsata kwambiri pafoni, ndipo amandiphunzitsa ngati ndine mwana wa fomu 1.

Mwezi wathawu tinaonera limodzi kunyamuka kwina masana, foni itatsamira botolo la sobo, ine ndikutikita dzanja lawo. Anthu anali atamangidwa kale malamba m'kachipinda kaja, roketi ikufuka nthunzi yoyera m'mbali ngati thanki yathu ya panja. Manambala ankatsika pakona ya foniyo. Atatsala pang'ono kutha, anaima. Wolengeza anati wina waona chokayikitsa pavalavu, lero sanyamuka, anthuwo atsitsidwa. Khamu limene linabwera kudzaonera linayamba kupinda mipando mokhumudwa.

"Waimitsa ndani?" anafunsa alamu.

Ndinati sanamutchule.

"Ameneyo mano ake onse alipo?"

Ndinati ndikuganiza kuti alipo, chifukwa anadina ali patali.

Anaseka pang'ono, kenako anasiya. Anatembenuza dzanja lija kuti ndifike kuchikhatho, pamene panali zala ziwiri zija.

"Apa mwadumphapo, alamu," anatero. "Thirani ambiri."