Mano Anga pa Mabatire a Abambo

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene matenda a gemu anandigwira, ndipo kunena zoona sindinachire mpaka lero. Imvi zayamba kuonekera, ana ndili nawo atatu, koma mukandipeza m'minibasi yodikira kudzaza, zala zanga zimakhala zili pa foni. Kaya ndikuwombera adani m'mlengalenga, kaya ndikumwetsa zigoli, kaya ndikudumphitsa kamunthu pamaenje, bola china chake chiziyenda. Akazi anga anatopa n'kudandaula. Manyazi ndilibe, magemu ndimawakonda. Pali tsiku limodzi lokha limene ndikalikumbukira ndimaika foni pansi.

Kwathu ndi kuseri kwa Nsaru, mtunda woti mwana wothamanga bwino amatha theka la ola kuti afike pamsika. Nyumba yathu inali payokha kumunda, chifukwa abambo anasamuka m'mudzi atatopa ndi milandu ya mbuzi. Pamsikapo panali golosale ya a Saidi, ndipo mwana wawo Yusufu anali mnzanga wa m'kalasi. Amalume ake pobwera kuchokera ku Joni anam'patsa kagemu ka m'manja, kotuwa, kukula kwake ngati sopo wochapira, ka mabatani achikasu. Munali magemu angapo, koma ine yanga inali ya kandege kowombera timiyala togwa kuchokera kumwamba. Abale inu, kanthu kaja kakalira kuti tii-tii-tii, ndinkaiwala kuti ndatumidwa mchere.

Vuto linali mabatire. Ake enieni anali ang'onoang'ono ndipo sankachedwa kutha, choncho Yusufu analumikiza timawaya n'kumamangirira ndi mphira mabatire awiri akuluakulu a wailesi. Lamulo lake linali limodzi: wobweretsa mabatire ndiye wosewera, enanu muzionera paphewa. Ine ndinasanduka wotolera mabatire kudzala. Ndinkawayanika padzuwa, n'kuwaluma m'mbali kuti mphamvu yotsalira idzuke, monga ankachitira mwana aliyense nthawi imeneyo. Ankagwiradi ntchito, koma kwa mphindi zochepa. Nthawi zonse ndikangotsala pang'ono kulowa gawo lachinayi, galasi linkayamba kuzimirira, kandege kanga n'kusowa ndikuona. Ndinkapsa mtima mpaka kumenya khoma. M'kalasi miyendo sinkakhazikika, kumunda ndinkapalira chimanga n'kudula ndi chimanga chomwe, ndipo ndikatseka maso timiyala tija tinkangogwabe.

Chaka chimenecho achemwali anga a Esinati anali atalemba mayeso a Sitandade 8 kachitatu. Masiku amenewo kukhoza kokha sikunali kanthu, chachikulu chinali kusankhidwa kupita ku sekondale, ndipo mayina a osankhidwa ankawerengedwa pa wailesi. Kawiri konse anakhoza, kawiri konse dzina silinatuluke. Abambo anali atanenetsa kuti ulendo wachitatuwu ndi womaliza. Ndiye kunabwera azakhali athu a mu mzinda, n'kunena kuti pali banja lina limene likufuna mtsikana wa ntchito za m'nyumba. Abambo anavomera kuti dzina likapanda kumveka, achemwali anyamuka ndi azakhaliwo m'mawa mwake. Azakhali anakhala nafe kudikirira tsikulo, thumba lawo lomangamanga.

Abambo anagulitsa tambala n'kugula mabatire anayi atsopano. Anawakulunga m'pepala, n'kuwaika mu sutikesi pansi pa bedi, ndipo anatiuza tonse kuti amenewo ndi a tsiku la mayina. Ndinamva bwinobwino, sindinganame kuti sindinamve.

Ndinapirira masiku awiri. Tsiku lachitatu anthu onse ali kumunda ndinabwerera kunyumba ngati ndikukamwa madzi, ndinatsegula sutikesi ija, ndinatengamo awiri, n'kuikamo awiri anga akudzala a mtundu womwewo. Ndinawapukuta ndi malaya mpaka anawala. Mumtima ndinkati ndikungobwereka, madzulo ndibweza. Koma madzulo amenewo ndinalowa gawo lachinayi, kenako lachisanu, anzanga akukuwa kumbuyo kwanga, ndipo Yusufu anati, "Asiye konkuno, mawa udzapitirize." Mawa lija linabala mawa lina, mpaka masiku asanu.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi tili kupalira, munthu wina wodutsa pa njinga anakuwa kuti mayina awerengedwa lero nthawi ya 2 koloko. Khasu linandilemera. Ndinayesa kunena kuti m'mimba mukundipweteka, abambo anati ndimalize kaye mzere. Nditamaliza anandipatsa wina. Ndinadzilimbitsa mtima kuti awiri abwino aja akoka anzawo akufawo, monga ng'ombe yamphamvu imakokera inzake pangolo.

Nthawi itakwana tinakhala pansi pa mtengo wa mango. Abambo anavala jekete lawo la kutchalitchi ngati kukubwera alendo. Achemwali anasamba, anadzola, n'kukhala pamphasa manja ali pamiyendo. Amayi ankangodzuka n'kukhalanso. Wailesi inayamba bwino, mawu a bambo wowerenga mayina ali gwa, akutchula sukulu ya sekondale kenako mayina a ana ndi sukulu zimene achokera. Ine mtima unayamba kukhala pansi. Koma atamaliza sukulu ziwiri za anyamata, mawu aja anayamba kuchepa. Abambo anakweza. Anachepabe, mpaka tonse tinaunjikana mitu pa wailesi ngati nkhuku pa madeya. Kenako zii.

Abambo anaigwedeza, anaimenya ndi chikhatho, anatsegula kumbuyo.

"Alipo wagwira mabatire awa?"

"Ine ayi," ndinayankha msanga, ngakhale funso silinali langa ndekha. "Ndikulumbira, sindinawagwire."

Anatulutsa limodzi n'kuligudubuza m'manja. Analiyang'anitsitsa, analiyandikitsa kumaso. M'mbali mwake munali timaenje ta mano, ndipo ine dzino langa lakutsogolo linali lobenthuka kuyambira pamene ndinagwa mu mtengo wa gwafa. Chidindo chake sichinali chofuna mboni.

"Limbani, tsegula pakamwa."

Ndinatsegula. Azakhali anangoti, "Asa!" Achemwali anangondiyang'ana, ndipo ndikanakonda akananditukwana.

"Ali kuti enieniwo?"

"Kwa a Saidi."

"Thamanga."

Sindinathamangepo chotero moyo wanga wonse. Mvula inali itagwa m'mawa, njira ya kudambo inali matope okhaokha. Ndinaterereka kawiri, patapata imodzi inatsala m'thope, sindinabwerere. M'mutu munkangomveka mawu a bambo uja akuwerenga mayina amene sitikuwamva, dzina lililonse likudutsa osabwerera. Minga inandibaya, mpweya unandithera, koma miyendo inkangopita yokha.

Yusufu ndinam'peza kuseri kwa golosale ali pakati pa gemu. Sindinam'patse moni, ndinangozula mabatire ndi mawaya omwe. "Iwe, wapenga kodi? Ndinali pa gawo lachitatu!" anakuwa. Ndinazungulira kutsogolo kuti ndilowe njira ya kwathu, ndipo pakhonde pa golosale ndinapeza anthu ali khwimbi, wailesi ya a Saidi ili pa kauntala ikulankhula mokweza. Bambo uja anali atangotchula sukulu ina ya atsikana yogonera komweko. Ndinati ndimve dzina limodzi lokha, kenako lachiwiri, mwendo umodzi uli kale m'njira. Dzina lachisanu kapena lachisanu ndi chimodzi linali lathu.

"Esinati Mbewe."

Anatchulanso sukulu yathu ya pulayimale, pang'onopang'ono, ngati akudziwa kuti pali wina akufuna kutsimikiza. Ndinakuwa mpaka amayi ena anagwetsa lichero. A Saidi anasuzumira n'kunena kuti, "Si mlongo wake uyu?" Ine ndinali nditayamba kale liwiro.

Ndinafika kunyumba thope mpaka m'makutu. "Achemwali, mwasankhidwa! Ndamva ndekha!"

Palibe anadzuka. Abambo anangotambasula dzanja, ndinawapatsa mabatire, anaika mu wailesi. Inalankhula bwino zedi, koma bambo uja anali atafika kale pa sukulu za zigawo zina. Tinamvetsera mpaka anamaliza, nyimbo n'kuyamba. Dzina la achemwali silinabwerenso.

"Achimwene, musapusitsidwe," anatero azakhali. "Mwana uyu wanama masana omwe ano tonse tikumva. Akuthawa chikwapu basi. Esinati, kamange zovala, basi ya m'mawa sidikira."

"Wamva ndi makutu ako?" abambo anandifunsa.

"Eya, ndikulumbira."

"Pajatu unalumbiranso."

Pamenepo ndi pamene ndinalira. Sindinkalira chifukwa cha mantha, koma chifukwa ndinali nditanyamula nkhani yabwino kuposa zonse zimene zinafikapo pakhomo pathu, ndipo inali kuola m'kamwa mwanga. Achemwali anandigwira kolala ya malaya. "Limbani, usandiseweretse. Ngati ukunama nena pompano, sindikumenya." Ndinabwereza kuti ndamva, ndinatchula ndi dzina la sukuluyo. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anandisiya n'kulowa m'nyumba. Ndinamva akutsegula bokosi la zovala.

Abambo anaimirira, jekete lili m'thupi, n'kundiuza kuti nditsogole. Tinayenda njira yomwe ija ya kudambo. Ine ndinkafuna kuthamanga, iwo ankayenda mwa masiku onse, ndipo ndinkangotsogola n'kubwerera ngati galu. Patapata yanga tinaipeza ili chiimire m'thope, anandidikira kuti ndiizule.

Pa golosale anthu anali asanabalalike. Abambo anapereka moni kwa onse, anavula chipewa, n'kulankhula mosabisa mawu.

"A Saidi, mwana wangayu wandiuza nkhani, koma mawu ake sindingawayendere. Ndabwera kudzamva kwa inu."

Anthu onse anatembenukira kwa ine, Yusufu ali pomwepo. Ndinakwapulidwapo kambiri ndili mwana, ndipo zikwapu zonsezo ndinaziiwala, koma mawu amenewa amandiotchabe. Abambo anga, munthu wosakonda kupempha kanthu kwa wina, anayenda ulendo wonsewo kukabwereka makutu a munthu wapadera chifukwa a mwana wawo anali opanda ntchito.

"A Mbewe, n'zoona," anatero a Saidi. "Tonse pano tamva. Mulungu wakuonani."

Abambo anathokoza, anavala chipewa, tinabwerera. Ndinkayembekezera kuti pa dambo athyola kamtengo, koma sanathyole. Tili pafupi kufika anaima n'kunena, osandiyang'ana, "Mlongo wako wadikira zaka zitatu kuti amve dzina lake. Walimva ndiwe." Sanawonjezere kanthu, ngakhale tsiku limenelo kapena lina lililonse.

Kunyumba amayi analuluta mpaka agalu a kumudzi anayankha. Azakhali anati iwo ankadziwa kale kuti mwanayu ndi wanzeru, ndipo m'mawa mwake anakwera basi okha. Chisangalalo chitazizira, dzuwa lisanalowe, achemwali anandiitanira kuseri kwa nkhokwe. Ndinapita ndikudziwa kuti makofi aja afika tsopano.

"Analitchula bwanji?" anandifunsa.

Sindinamvetse. "Chiyani?"

"Dzina langa. Analitchula bwanji bambo uja? Tanena mmene ananenera."

Ndinakonza kukhosi, ndinakulitsa mawu, n'kunena kuti, "Esinati Mbewe," ndi dzina la sukulu yathu pambuyo pake. Anatseka maso. "Bwereza." Ndinabwereza kanayi.

Gemu sindinaisiye, ndisakunamizeni. Patangotha sabata ndinali kuseri kwa golosale ndi mabatire anga akudzala. Chimene ndimakondera magemu mpaka lero n'chakuti ndi achifundo: kandege kakaphulika amakupatsa kena, kamunthu kakagwera m'dzenje kamadzukanso, ukagonja pa mpira umangodina batani n'kuyambiranso. Ndili mwana ndinkaganiza kuti zonse zili choncho, kuti chilichonse ungachibwereke n'kubweza madzulo. Ndinabweza mabatire, inde, ndipo achemwali anapitadi ku sekondale. Koma bambo uja anawerenga dzina lija kamodzi kokha, dziko lonse likumva, mwini wake atakhala pamphasa pafupi ndi wailesi yakufa.

Lero achemwali ndi mphunzitsi wamkulu, ndipo awerengapo mayina a ana ambirimbiri pa mzere wa m'mawa. Komabe tikakumana kumudzi pa ukwati kapena pa Khirisimasi, salephera. Amandipeza ndili pa foni n'kunena, "Iwe wakuba mabatire, taika kaye chidole chakocho, undiwerengere dzina langa." Ndimaika foni pansi, ndimaimirira, ndimakulitsa mawu. Ana athu amagubuduka ndi kuseka, akazi anga amaseka, iwonso amaseka. Koma ine ndimakhala ndikuwayang'ana kumaso, ndipo ndikangofika pa dzinalo, amatsekabe maso.