Nane ndayamba kumukaniza Tadala

Lachitatu la sabata yathayi mayi a kunyumba anandikokera ku gulu la makolo a ana aang'ono limene limakumana kuseri kwa sikelo pa boma pano. Ndinapita monyinyirika. Ine mphunzitsi wathunthu, munthu wina akandiphunzitse kulera Tadala wanga wa zaka zinayi?

Tinalipo mabanja asanu ndi awiri, Asilamu ndi Akhristu, aliyense pambali pa mkazi wake. Mlangizi wathu, a Nambewe, sanabwere ndi bolodi kapena choko. Anangofunsa kuti, "Kwanuko mwana amamukaniza zinthu ndani? Nanga akalira amathamangira kwa yani?"

Che Saidi, msodzi wa mawu aakulu, anayankha msanga. "Ine ndikachoka pamadzi ndimafuna mtendere. Zokalipazo ndi za mayi akewa." Tonse tinaseka, ine kuposa onse.

Kenaka mayi a Tadala anakweza dzanja.

"Kwathu woipa ndine," anatero. "Ndikati usapite kunyanja popanda wamkulu, amathamangira kwa bambo akewa, iwo amvekere pita mwanawe. Ndikati maswiti ayi, iwo apisa m'thumba. Pano mwana safunanso kundiyandikira. Dzana wauza anzake kuti amayi ndi ankhanza."

Ine kuseka kunandithera, ndipo manyazi amene anandigwira sindinawaonepo.

Abambo anzanga, tisanamizane. Chiyambireni matipate, ambirife tasanduka chipani chotsutsa m'nyumba zathu zomwe. Mayi akhazikitse lamulo m'mawa, ife tifika madzulo ndi kampeni ya mandasi. Mwana naye si wopusa, amadziwa kokavota. Timadzitama kuti ana amatikonda, koma tinafunsapo kuti wotsala ndi ntchito yokaniza uja akumva bwanji?

Ubwino wa gulu ngwakuti uona kuti matendawa si ako wekha. Titafunsidwa mmodzimmodzi, abambo asanu tinapezeka kuti ndife a maswiti. A Nambewe sanatinyoze. Anatipatsa ntchito yokachita kunyumba: tikagwirizane ndi akazi athu malamulo awiri mwana asakumva, ndipo sabata yonseyo wokaniza akhale bambo.

Ndinati zophweka izi.

Loweruka masana Tadala anabwera pakhonde, kansalu kali m'khosi, anzake akumudikira pamsewu.

"Ababa, ndipite nawo kunyanja?"

"Ayi."

Anandiyang'ana ngati sakundidziwa. Anabwerezanso, mutu atapendeketsa monga amachitira akafuna kundigonjetsa. Dzanja langa linayamba lokha kulowera kuthumba, koma ndinalibweza.

"Ndati ayi, Tadala. Popanda wamkulu supita."

Kulira kwake kunamveka mpaka kumsika. Ndiye mukudziwa kumene anathamangira? Kwa mayi ake, amene ankapeta mpunga kuseri.

"Amayi, ababa andikaniza!"

Mayi anatula lichero, namunyamula. "Bambo ako anena zoona, mwanawe. Ndikamaliza tipita tonse." Mwana anawakumbatira m'khosi zolimba. Iwo anandisuzumira ali mwetumwetu, misozi ikulengeza.

Tsono musaganize kuti ine ndinasangalala. Kunyanja tinapitadi tonse atatu, koma Tadala anakana kugwira dzanja langa. Nditamuitana kuti adzaone bwato, anatembenukira kumbali. Zinandiwawa kwambiri, moti pobwerera ndinadandaulira mayi ake kuti mwanayu wandida.

Iwo anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Bambo a Tadala, inu masana amodzi okha mwayamba kale kudandaula? Ine zakhala chonchi zaka ziwiri."