Nkhani ya Ng'ona Imene Ndinalembera Sitandade 3

Ntchito yanga yoyamba ya uphunzitsi inali pa sukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Liwonde, kutsidya kwa Shire mukamachokera kwathu ku Balaka. Anandipatsa Sitandade 3. Ana anali ochuluka, mabuku owerenga anali ochepa ndi othothoka masamba, moti mwana ankatha kuwerenga nkhani mpaka pakati n'kupeza kuti mathero ake anadyedwa ndi chiswe. Ndiye ndinayamba kulemba tinkhani tangatanga.

Ndinaona msanga kuti kulembera ana si masewera. Chiganizo chikatalika, ana amasokera pakati. Ambiri a iwo kunyumba ankayankhula Chiyao, Chichewa ankakumana nacho kusukulu, choncho liwu lililonse lachilendo linali chitsa panjira. Ndinkati ndikalemba n'kuwerenga mokweza ndili ndekha, pamene lilime lapunthwa n'kufufuta. Ndinaonanso kuti ana safuna kuuzidwa kuti munthu anachita mantha, amafuna amve kuti mawondo ake anagundana. Koma chimodzi sindinkachikayika: nkhani ya ana iyenera kutha ndi phunziro. Kukoleji anatiuza choncho. Komanso masiku amenewo mawu akuti kumvera anali pakamwa pa aliyense. Ana ankawatchula pa asembule pamodzi ndi umodzi, kukhulupirika ndi kusunga mwambo.

Loweruka lina ndikugula matemba pamsika, ndinamva amayi awiri akukambirana za mnyamata amene anagwidwa ndi ng'ona padooko chaka chapitacho, ine ndisanafike kuderalo. Sindinafunse kuti anali mwana wa yani kapena wa mudzi uti. Mtima wanga unangodumpha ngati wa mlenje amene waona mapazi a nyama. Nkhani ndinali nditaipeza.

Ndinalemba za mnyamata amene mayi ake anamuletsa kupita kumtsinje, iye n'kuwaseka, n'kuzemba. Ndinalemba za madzi abata, za maso awiri oyandama ngati timiyala, za mchira umene unamenya madzi. Ndinaisula kwa sabata yathunthu mpaka liwu lililonse linakhala pamalo pake. Pomaliza ndinaika mzere uwu: "Akanamvera, bwenzi ali moyo." Ndinainyadira nkhani imeneyo kuposa zonse zimene ndinali nditalemba.

Ndinaisungira tsiku limene oyendera sukulu anabwera. Anali bambo wamkulu wa tayi, anakhala pampando kumbuyo kwa kalasi. Nkhani ndinali nditailemba kale pa bolodi. Pofuna kuonetsa ntchito yanga, ndinasankha mwana amene ankawerenga bwino kuposa onse, mtsikana wofatsa amene ankakhala pansi moyandikana ndi khoma, atadzikulunga kampango kumutu.

Anaimirira n'kuyamba bwinobwino. Atafika pa maso oyandama aja anaima.

"Pitiriza," ndinatero.

Anayang'ana pansi.

"Pitiriza, alendo akudikira."

Anapitiriza mpaka mzere womaliza, mawu ake ali phwa, ngati akuwerenga mayina a zigawo za dziko. M'kalasi munali zii. Palibe anatsokomola, palibe anatsina mnzake. Ine ndinkati ndi mphamvu ya nkhani yanga. Oyendera aja anayamikira kwambiri, anapempha pepala langa, nati akaipukusa pa makina osindikizira mayeso kuti sukulu zina zilandire.

M'mawa mwake mtsikana uja sanabwere. Tsiku lotsatira chimodzimodzi. Kenako mphunzitsi mnzanga, mayi wachikulire wa konkuno amene ankaphunzitsa Sitandade 1, anandikokera kuseri kwa ofesi.

"Madamu, kodi mnyamata wa ng'ona uja mukumudziwa?"

"Iyayi, ndi nkhani yongopeka."

"Ana onse m'kalasi mwanu akumudziwa. Anali mlongo wake wa mtsikana amene munamuimiritsa uja. Mtsikanayo analipo padooko tsikulo."

Ndinakumbukira mmene ndinanenera kuti alendo akudikira.

Madzulo ake mayi uja anandiperekeza kumudzi kwa mwanayo. Tinapeza mayi a mtsikanayo akupeta mpunga pakhonde. Anatiyalira mkeka, tinapatsana moni, mnzanga m'Chiyao, ine m'Chichewa. Mtsikana uja anatiwona n'kulowa m'nyumba. Ndinali nditakonza mawu opepesa njira yonse, koma mayi akewo ananditsogolera.

"Aphunzitsi, mwana akuti m'buku mwalembedwa kuti malemu anali wamwano. Ndi zoona?"

"Iyayi mayi, si iyeyo. Ndi mwana wongoganizira. Sindinatchule dzina."

"Nanga kuno ng'ona inagwira mwana wina uti?"

Iwo anaika lichero pansi. Sanakweze mawu.

"Tsiku limenelo iye sankafuna kupita. Ankasewera ndi anzake kuseri uku. Ndine ndinamuitana, ndinati perekeza mlongo wako akatsuke mapoto. Anadzuka nthawi yomweyo, sanawiringule. Ng'ona itamumbwandira, mlongo wakeyu anamugwira dzanja, anakoka mpaka zala zinatsetsereka. Chaka chonse ndakhala ndikumuuza kuti si mlandu wake, ndi Mulungu anafuna. Tsopano akundifunsa kuti ngati wolakwa alipo, ndi ndani mwa atatufe."

Ndinapepesa. Mawu anga anamveka opepuka ngakhale m'makutu anga omwe. Mayi aja anangoti amva, ndipo potsanzikana anandipatsa mpunga wa m'kambale kuti ndikaphike. Ndinaunyamula ukundiwotcha m'manja. Akanandilalatira bwenzi zili bwinoko.

Tsiku lotsatira ndinapita kwa ahedi kukapempha kuti tiwauze oyendera aja asaisindikize nkhaniyo. Ahedi anatseka chitseko kaye asanayankhe.

"Madamu, tikawauze kuti chiyani? Kuti nkhani yophunzitsa kumvera ndi yolakwika? Mukufuna zimveke kuti pasukulu pano pali mphunzitsi amene akutsutsa kumvera?"

"Koma mwanayo anamvera, ahedi."

"Ndikudziwa. Maliro ake ndinapita. Koma inu ndinu wamng'ono, ntchito mwangoiyamba. Zisiyeni zizizire."

Ndinazisiya. Ndikanatha kukwera basi ndekha kukawafotokozera oyendera aja zonse, mwina akanamvetsa, anali kholo nawonso. Sindinapite. Ndinaopa, ndipo pansi pa manthawo panalinso kena kochititsa manyazi: ndinkafunabe kuona mawu anga atasindikizidwa.

Mtsikana uja anabwerera kusukulu patapita masabata. Masamu ankalemba, kusesa ankasesa, koma nthawi yowerenga sankakwezanso mkono. Ine ndinaganiza zokonza ndi cholembera chomwecho chimene chinawononga. Ndinalemba nkhani ina, ya mtsikana wolimba mtima amene anakoka mlongo wake mpaka ng'ona inamusiya, mudzi wonse n'kumuimbira nthungululu. Ulendo uno sindinailembe pa bolodi. Ndinamupatsa yekha pa nthawi yopuma, anzake ali panja.

Anaiwerenga yonse ataimirira, n'kundibwezera ndi manja awiri.

"Waiona bwanji?" ndinafunsa.

"Ndi yabwino, madamu."

"Nena zoona."

Anayang'ana pazenera. "Ng'ona sisiya. Ndiye kuti uyu anakoka kwambiri kuposa ine?"

Apa ndi pamene ndinaona kuti ndamubayanso pabala lomwelo. Nkhani yoyamba inapatsa mlandu mlongo wake, yachiwiri inapatsa mlandu iye. Ndinang'amba pepalalo nditafika kunyumba, ndipo teremu yonseyo sindinalembenso nkhani yopeka. Ndinkalemba za zinthu zooneka ndi maso: mmene mlamba umakhalira m'matope, chifukwa chake sitima imalira isanafike pa mlatho, kumene mpunga umachokera. Ndisanalembe ndinkafunsa kaye anthu, ndipo ndinkafunsanso kuti nkhaniyo ikhudza yani m'kalasi. Tsiku lina ndinalemba za mlambe, mtsikana uja anawerenga motsitsa mawu pamodzi ndi anzake. Sanakweze mkono, koma milomo yake inkayenda.

Patapita zaka anandisamutsira ku sukulu ina ku Balaka. Sabata yoyamba ndikudutsa pakhonde, ndinamva kalasi yonse ikuwerenga pamodzi za maso oyandama ngati timiyala. Mphunzitsi wake anali ndi pepala lofiirira ndi ukalamba, lopanda dzina la wolemba. Pa nthawi yopuma ndinamufotokozera zonse, ndinamupempha kuti mwina angochotsa mzere womaliza.

Anandimvera chisoni ndithu. Koma anati ana aloweza kale, ndipo funso la phunziro la nkhaniyo lili pa mayeso a teremu, amene anali atasindikizidwa kale. Anandilonjeza kuti chaka chamawa aona. Belu linalira, iye analowa m'kalasi mwake, ine ndinakalowa mwanga.