Mkonono wa a Chigayo

A Chigayo anali munthu wofatsa akakhala maso. Ankaphika buledi usiku ku bekale n'kumagona masana, ndipo vuto lonse linkayambira pogonapo. Akangotseka maso, bambo wamanyazi uja, amene ngakhale akatsokomola ankapepesa, ankasanduka chinthu china. Mkonono wawo unkayamba pansipansi ngati ukupempha chilolezo, kenaka n'kukwera mpaka mapoto kumanjenjemera pashelefu. Dzina lakuti Chigayo anawapatsa ndi anzawo akuntchito, ndipo aliyense amene anawamvapo ali mtulo sankafunsanso chifukwa chake.

Kutauni yaing'ono kumene ankakhala kale, nyumba ankazisintha ngati malaya. Kwina anawachotsa chifukwa khanda la aneba linkadzidzimuka. Kwina mwini nyumba analumbira kuti nkhuku zake zasiya kuikira. Za nkhukuzo n'zokayikitsa, koma notisi inali yeniyeni.

Tsono abwana atawasamutsira ku bekale yatsopano mumzinda waukulu, akazi awo anakana kulongedza.

"Bambo a ana, ine ndatopa ndi kumanga mbale lero, mawa kumasula," anatero. "Tsogolani. Mukapeza nyumba yoti sakatithamangitsamo, mudzatitenge. Apo ayi, ine ndi anawa tikhala konkuno."

Mawuwa anawapweteka a Chigayo, chifukwa banja lawo ankalikonda, ndipo kudya okha sankakudziwa.

Mumzindamo anapeza dobadoba, mmodzi wa anthu aja amene ntchito yawo n'kupezera alendo nyumba za lendi. Ataona malaya ositasita ndi nkhope yaulemu, dobadobayo anawatengera kumalo kwa zii, kwa mipanda ya maluwa.

"Bwana, kuno ndi kwa anthu ngati inu," anatero. "Kuno ngakhale agalu amauwa monong'ona."

A Chigayo sanayang'ane denga ngati likudontha, sanatsegule mpopi, sanafunse za bafa. Anangogogoda khoma ndi chala, n'kuuza dobadoba uja kuti atuluke panja. Atatseka chitseko anakuwa ndi mphamvu zawo zonse: "Achimwene, mukundimva?"

"Bwinobwino, bwana!"

"Basi, tiyeni kwina."

Anachita zomwezo nyumba ndi nyumba, mpaka dobadoba anayamba kuwayang'ana cham'mbali ngati munthu amene mutu sukuyenda bwino. Nsapato zitamutentha, anaganiza zowakhaulitsa. Anawatengera kuseri kwa msika, pafupi ndi siteji ya maminibasi, kuchipinda chimene chinakana anthu chaka chonse. Kumanzere kunali wowotcherera zitsulo, kumanja kalipentala ndi makina ake opalira matabwa, kutsogolo sitolo yogulitsa masipika imene inkaonetsa katundu wake powaliza onse nthawi imodzi. Cha pakona panali wometa amene wailesi yake inkalimbana ndi onsewo.

A Chigayo analowa, n'kutseka chitseko, n'kukuwa. Palibe anayankha. Anakuwanso mpaka kukhosi kuwawa. Atatuluka anapeza dobadoba akutokosa m'mano, osamva kanthu.

"Ndatenga," anatero, maso akuwala ngati apeza mgodi.

Mwini poloti anali mayi wamasiye, wamfupi, wosaseka wamba, amene aliyense ankangowatchula kuti Amayi. Lamulo lawo linali limodzi.

"Mwananga, magetsi pano ndi a babu ndi wailesi. Makina amtundu uliwonse m'nyumba mwanga ayi. Ndikangowamva, katundu panja."

"Ine makina ndilibe, Amayi," anayankha a Chigayo, ndipo silinali bodza kwenikweni.

Masabata amene anatsatira anagona tulo timene anali asanagonepo chibadwire. Iwo akuliza mkati, zitsulo zikulira panja, aliyense pantchito yake. Ananenepa masaya. Anaimbira foni akazi awo kuti ayambe kufunafuna makatoni.

Chimene anaiwala n'chakuti phokoso lonse limene ankabisalamo linkayendera waya umodzi. Masana ena magetsi anathima dera lonse. Makina a kalipentala anaima thabwa lili pakati, masipika anati zii, wowotcherera anavula magalasi ake. Ndipo m'bata limenelo munamveka kulira kwa injini yamphamvu, yosadukiza, kuchokera m'chipinda cha mlendo uja.

"Jenereta!" anafuula wometa.

Posakhalitsa pakhomo pa a Chigayo panali mzere. Ena ananyamula mafoni oti atchaje, mayi wa saluni anabwera ndi kasitomala wake tsitsi lili lonyowa, wometa anakoka chingwe chake chachitali, kumbuyo kwake kukubwera bambo wometedwa mbali imodzi. Amayi anadutsa pakati pawo nkhope ili gwa, n'kumenya chitseko ndi chikhatho. Injini ija inatsamwa, n'kuima.

"Wathimitsa! Akufuna kutimana!" anthu anakuwa.

A Chigayo anatsegula maso ali psuu, chizindikiro cha pilo chili patsaya. Amayi analowa osaodira. Anasuzumira kunsi kwa bedi, kuseri kwa chitseko, ngakhale m'ndowa. Munalibe kanthu.

"Makina aja ali kuti?"

A Chigayo anayang'ana pansi. Manyazi anawagwira. Analoza pamphuno pawo.

"Ndi ano, Amayi. Ndinabadwa nawo."

Panja anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi. Wometedwa mbali imodzi uja anaseka kuposa onse, ngati iye analibe chake chosekedwa. Amayi okha sanaseke. Anawayang'ana a Chigayo nthawi yaitali, n'kutuluka osanena kanthu. Kuchetechete koteroko a Chigayo ankakudziwa bwino: kumbuyo kwake kumabwera notisi.

M'mawa mwake atabwera kuchokera kuntchito, magetsi anali asanayakebe. Analongedza chikwama chawo mtima uli wolemera, akuganiza mmene akauzire akazi awo kuti amasule makatoni aja. Anakhala pampando n'kulumbira kuti lero sagona. Koma munthu amene wakanda ufa usiku wonse salumbira zotere. Anadzidzimuka dzuwa litapendeka, kukhosi kutauma ndi mkonono, ndipo anadziwa kuti poloti yonse yamvanso.

Ananyamula chikwama kuti akatsanzike asanathamangitsidwe. Atatsegula chitseko anaima. Pakhonde, mpando utatsamira khoma la chipinda chawo, panali Amayi, mutu uli pambali, zoluka zawo zitagwera pansi, ali mtulo tofa nato.

Chitseko chitalira, Amayi anatsegula diso limodzi.

"Mwasiyiranji?"

"Pepani, Amayi, ine..."

"Malemu amuna anga ankaliza chomwechi. Ndinawatukwana moyo wawo wonse chifukwa cha mkonono." Anatola zoluka zija, n'kupukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. "Chimwalirireni iwo, sindinagonepo ngati lero. Nanga chikwamacho mukupita nacho kuti?"

A Chigayo anayang'ana chikwamacho ngati achiona koyamba.

"Ndikukatenga mayi a ana, Amayi."

"Pitani. Koma mukawauziretu, pakhonde pano mpando uwu ndi wanga."